Ku Guwa Chikho N'chimodzi, Nanga Kukhitchini?

Mawu owerenga: Agalatiya 2:11-14, Yakobo 2:1-9, Machitidwe 6:1-6



Nkhani imene Paulo akufotokoza m'mutu wachiwiri wa kalata yake kwa Agalatiya ndi nkhani ya chakudya, ndipo ife amayi tiyenera kuimva msanga kuposa abambo. Ndife timadziwa kuti wadyera m'nyumba ndani, wadyera pakhonde ndani, mbale yabwino yapita kwa yani, ndipo madzi osamba m'manja ayambira kuti. Ku Antiokeya mpingo unali wosakanikirana, Ayuda ndi anthu a mitundu ina. Petro atafika kumeneko ankadya ndi aliyense popanda vuto. Koma tsiku lina kunabwera alendo ochokera kwa Yakobo ku Yerusalemu, anthu osunga mwambo wa Chiyuda, ndipo Petro anachita nawo mantha. Anayamba kudzipatula pa nthawi ya chakudya. Ayuda ena anamutsatira, mpaka Barnaba yemwe anatengeka nazo.

Taonani bwino, amayi. Petro sanatukwane munthu. Sanaime pa gome n'kulalikira kuti anthu a mitundu ina ndi onyansa. Anangonyamula mbale yake n'kukakhala pena. Komabe Paulo anamudzudzula pamaso pa mpingo wonse, chifukwa anaona kuti Uthenga Wabwino wonse ukugwedezeka. Ngati pali anthu amene Khristu anawafera koma Petro sangadye nawo, ndiye kuti mtanda sunamalize ntchito yake.

Tsankho lotere agogo athu analidziwa bwino mu mzinda uno. Tauni ya Blantyre inayalidwa motsata khungu. Azungu anali ndi malo awo monga Sunnyside ndi Mandala, a mabwalo aakulu ndi mitengo ya mthunzi. Amwenye ankakhala ndi kuchita malonda m'kati mwa Blantyre ndi Limbe. Munthu wakuda ankafunika masana kuti aphike, achape, asamale maluwa, anyamule katundu pa siteshoni ya sitima. Kukada, malo ake anali kanyumba ka kuseri kwa bwana kapena midzi ya m'mbali mwa tauni, monga Ndirande ndi kuno kumunsi kwa phiri la Soche. Kanyumba kaja mpaka lero timakatchula kuti boyizikota, ndipo dzinalo likusunga mbiri yake: bambo wa imvi, wa ana ndi zidzukulu, ankaitanidwa kuti boyi ndi mwana wa zaka 10. Chipatala cha azungu chinali pachokha, cha anthu akuda pachokha. M'masitolo ena a azungu munthu wakuda sankalowa pakhomo, ankagulira pazenera, chonsecho ndalama yake inali yomweyo. Sukulu ya sekondale yoyamba ya ana akuda, Blantyre Secondary School, inatsegulidwa mu 1940, patapita pafupifupi zaka 50 chiyambire ulamuliro wa Angerezi mu 1891. Munthu wakuda woyamba kukhala m'nyumba ya malamulo ku Zomba analowamo mu 1949.

Panalinso nkhani ya chipewa, imene achinyamata a lero amaseka akaimva. Munthu wakuda akakumana ndi mzungu pamsewu ankayenera kuvula chipewa, mzunguyo osayankha n'komwe moni. Ena ankamenyedwa chifukwa chochedwa kuvula. Nkhondo ya Chilembwe itatha mu 1915, boma linakhazikitsa bungwe lofufuza chimene chinaiyambitsa, ndipo Aafirika ophunzira amene anakapereka umboni anabwereza kwambiri dandaulo la chipewali pamodzi ndi la thangata. Wina angadabwe kuti anthu olandidwa minda n'kumadandaula za kansalu ka kumutu. Koma amene ananyozedwapo amadziwa. Njala munthu amaipirira ndi anzake, pamene chipongwe chimakutsata mpaka pamkeka usiku.

Mbusa John Chilembwe anali ataona tsankho m'maiko awiri. Mu 1897 anapita ku America ndi Joseph Booth nakaphunzira ku Lynchburg m'chigawo cha Virginia, kumene anthu akuda, ana a akapolo omasulidwa, ankawapatula m'sitima ndi m'sukulu. Atabwerera mu 1900 anayambitsa Providence Industrial Mission ku Mbombwe, m'boma la Chiradzulu. Mayi Ida Chilembwe pamodzi ndi Emma DeLaney, mmishonale wakuda wa ku America, ankaphunzitsa amayi kusoka ndi kuvala mwaulemu, ndipo ngakhale zimenezo azungu ena zinkawanyansa, poti munthu wakuda wovala bwino ankaoneka ngati wodzikweza. Matchalitchi a udzu amene anthu ake ankamanga pa esiteti ya A. L. Bruce ku Magomero ankatenthedwa. Zimene zinachitika usiku wa pa 23 January 1915 mukuzidziwa. Ife sitinganene kuti magazi amene anakhetsedwa usiku umene uja anakondweretsa Mulungu, ngakhalenso a anthu ambirimbiri amene boma linawapha pobwezera. Koma amene anakoleza motowo ndi aja amene anakana kwa zaka zambiri kumva dandaulo lonenedwa mwaulemu.

Chowawa n'chakuti tsankholi linalowa m'tchalitchi, ndipo kwina linayambira m'tchalitchi momwemo. Ku South Africa, mu 1857, sinodi ya mpingo wa Dutch Reformed inakambirana za akhristu achizungu amene sankafuna kulandira Mgonero pamodzi ndi akhristu akuda. Sinodiyo inavomereza kuti Malembo amafuna kuti onse azipembedza pamodzi, komabe inalola kuti azisonkhana padera pofuna kusamala kufooka kwa ena. Ndi maganizo a Petro aja ku Antiokeya, kungoti pamenepa panalibe Paulo woti aimirire. Pamene chipani cha National chinkatenga boma mu 1948 n'kukhazikitsa apartheid, chikho cha Ambuye chinali chitagawidwa kale kwa zaka 91. Alaliki ena ankatsegula Genesis 9 n'kumaphunzitsa kuti anthu akuda ndi ana a Hamu otembereredwa kuti akhale akapolo. Kawerengeni nokha mutuwo, amayi. Temberero la Nowa linagwera Kanani, ndipo palibe pamene patchulidwa khungu la munthu. Mukatero mutsegulenso Numeri 12, pamene Miriamu ndi Aroni ananena miseche chifukwa Mose anakwatira mkazi wa ku Kusi, dziko la anthu akuda. Mulungu sanamudzudzule Mose. Amene anatuluka ndi khate, khungu litayera mbee, anali Miriamu, ndipo anakhala kunja kwa msasa masiku 7.

Mpingo wathu unayamba ndi kumasula akapolo. Mu 1861 Bishopu Charles Mackenzie ndi anzake a UMCA anakhazikika ku Magomero pamodzi ndi anthu amene anawadula magoli m'khosi. Mbiri imeneyi timainyadira. Koma bishopu woyamba wa Chimalawi, Ambuye Josiah Mtekateka a ku Likoma, anadzozedwa mu 1965, patatha zaka 104. Si kuti anthu oyenera kunalibe. Leonard Kamungu anakhala wansembe mu 1909, nakagwira ntchito ya umishonale ku Msoro, kum'mawa kwa Zambia, mpaka imfa yake mu 1913. Ansembe akuda ankayenda pansi mitunda italiitali kubatiza ndi kuika maliro, koma mpando waukulu ankati nthawi yake sinakwane. Mawu amenewa, akuti nthawi sinakwane, ndiwo chakudya chimene oponderezedwa amadyetsedwa kulikonse.

Komabe Mulungu sanasiye mpingo wopanda a Paulo ake. Ku Johannesburg kunali kamnyamata kamene mayi ake ankagwira ntchito yophika ndi kuyeretsa. Tsiku lina kali chiimire ndi mayi akewo, kunadutsa wansembe wachizungu wa Chianglikani, wamtali, atavala mkanjo wakuda, ndipo anavula chipewa chake kulonjera mayiyo. Wansembeyo anali Trevor Huddleston wa ku Sophiatown, kamnyamatako kanali Desmond Tutu. Tutu anakhala akusimba nkhaniyi mpaka ukalamba wake, kuti chinthu chimene chija chinamudabwitsa kwambiri ndipo chinamuthandiza kusankha njira ya moyo wake. Chipewa chomwe chija chimene agogo athu ankamenyedwera kuno, kumeneko mzungu anachivulira mayi wantchito. Boma linagwetsa Sophiatown kuyambira mu 1955 n'kusamutsira anthu ake ku Meadowlands, koma mwana wa mayi uja anadzakhala Arkibishopu wa Cape Town mu 1986. Kuno kwathu, mu 1953, wansembe wina wa Chianglikani, Michael Scott, anathamangitsidwa m'dziko muno chifukwa choima ndi Inkosi Gomani ya ku Ntcheu pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Anthu ankachikana chitaganyacho chifukwa ambiri anali atagwirapo ntchito ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo ankadziwa mmene munthu wakuda ankakhalira kumeneko ndi chitupa m'thumba.

Nkhondoyi mabuku amaisimba ngati ya abambo, koma amayi anali pakati penipeni. Ku Montgomery, pa 1 December 1955, Rosa Parks anakana kupereka mpando wake m'basi kwa mzungu, ndipo anthu akuda ananyanyala mabasi masiku 381. Ambiri mwa amene ankayenda pansi m'mawa uliwonse anali amayi ogwira ntchito m'nyumba za azungu. Pa 9 August 1956 amayi pafupifupi 20,000 anaguba kupita ku likulu la boma ku Pretoria kukakana zitupa. Chaka chomwecho kuno kwathu Mayi Rose Chibambo anatsogolera gulu la amayi kupita ku khoti ku Zomba pamene atsogoleri a Nyasaland African Congress ankazengedwa mlandu, ndipo amayiwo anamangidwa n'kulipitsidwa chindapusa. Boma litalengeza za chipwirikiti pa 3 March 1959, anthu oposa 1,000 anatsekeredwa, ena ku Kanjedza konkuno, ndipo anthu pafupifupi 50 anaphedwa. Mayi Chibambo anali ndi pakati. Anawasiya mpaka atachira, kenaka patangopita masiku ochepa anawatengera ku ndende ya Zomba pamodzi ndi khanda lawo. Ife amene tinaberekapo tikudziwa mmene thupi limakhalira sabata yoyamba ija, ndipo tikudziwa kuti malo a mchikuta ndi pafupi ndi moto, amayi anzake akumuphikira phala. Mukagwira K200 yokhala ndi nkhope yawo pogula tomato pa msika wa Chilobwe, muzikumbukira khanda limene linayamwira m'ndende.

Mu January 1960 nduna yaikulu ya Britain, Harold Macmillan, inafika mu Blantyre, ndipo pamene inkadya nkhomaliro ku Ryall's Hotel anthu anasonkhana panja ndi zikwangwani, kufuna kuti Dr Banda atulutsidwe m'ndende ya Gwelo. Apolisi analimbana nawo, ndipo mtsikana wina, Emma Phombeya, anapondedwa chala ndi nsapato ya wapolisi. Atolankhani a ku London analemba nkhaniyo, mpaka boma linaika woweruza kuti afufuze. Lipoti lake linachepetsa zonse, kunena kuti magazi amene anatuluka anali ochepetsetsa. Mwina analidi ochepa. Koma anthu amene ankayeza magaziwo sanafunse chifukwa chimene mwana wa m'dziko anaimira pamsewu pamene alendo ankadya m'kati.

Pa 6 July 1964 mbendera inasintha, mazenera aja anatsekedwa, ndipo lero gawo 20 la malamulo aakulu a dziko lino limaletsa kusala munthu chifukwa cha khungu, mtundu, chilankhulo, chipembedzo kapena kumene anabadwira. Tithokoze Mulungu pa zimenezi, pakuti ana athu amalowa pakhomo lililonse la sitolo osaganizako n'komwe.

Koma mtima wa Petro sunakwere ndege ndi bwanamkubwa. M'zaka za m'ma 1970 Amwenye anachotsedwa m'madera a kumidzi n'kuuzidwa kuti azichita malonda m'mizinda ikuluikulu basi. Mu 1989 aphunzitsi ochokera kumpoto analamulidwa kubwerera kwawo, mabanja ena n'kugawikana pakati. Mu 2008 ndi mu 2015 abale athu anathawa ku South Africa, nyumba zawo zitatenthedwa ndi anthu akuda anzawo, m'dziko lomwe lija limene linalira ndi apartheid, ndipo mabasi anawatsitsa mu Blantyre muno ali ndi kachikwama kamodzi. Kuyambira chakumapeto kwa 2014 tinamva za abale athu achialubino akusakidwa ngati nyama chifukwa cha khungu lawo. Amene anachita zonsezi si azungu.

Ngakhale mayalidwe a tauni aja sanasinthe kwenikweni. Kumene kunali azungu kunalowa a ndalama, ndipo osauka anapitiriza kukankhidwira m'mbali, m'madambo ndi m'mapiri. Mu March 2023 namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, Chilobwe anali pakati pa malo amene analira kwambiri. Dziko lonse linataya anthu oposa 1,000, kuwerengera ndi amene sanapezeke, ndipo sukulu ya Naotcha inasanduka msasa wa opulumuka. Tinamva anthu ena akufunsa pa wailesi kuti, kodi anthuwo ankamangiranji m'phiri? Funsolo lili ndi pake, pakuti mitengo inathadi ndipo machenjezo analipo. Koma tiyeni tilifunse lonse. Mlonda kapena mayi wochapa amene ayenera kufika pantchito m'tauni 6 koloko m'mawa, malipiro ake osakwana lendi ya nyumba ya pamalo abwino, akapeze kuti poika mutu? Mvula inagwa pa mzinda wonse mofanana, koma maliro sanagwe mofanana.

Tsono tibwere kukhitchini. Amayi ambiri a mpingo uno amadzuka m'bandakucha kukagwira ntchito m'nyumba za ku Namiwawa, Nyambadwe ndi Sunnyside. Ena amapeza mabwana oopa Mulungu. Koma ena amatiuza za kapu ya pulasitiki yoikidwa payokha pansi pa sinki, za kudyera panja chiimirire nsima ya dzulo, za kulowera khomo la kumbuyo, za chimbudzi chimene amachitsuka tsiku lililonse koma saloledwa kuchigwiritsa ntchito. Manja amene akanda ufa wa mandasi a ana a bwana ndi oyera pophika, koma akagwira kapu ya galasi akuti adetsa. Mabwanawo ndi Amalawi, ambiri ndi akhristu, ena amavala yunifolomu ya amayi a mpingo Lachinayi.

Ndipo si kumayadi kokha. Konkuno ku Chilobwe, ku Zingwangwa, ku Bangwe, m'nyumba za zipinda ziwiri, muli atsikana otengedwa kumudzi ku Thyolo kapena ku Phalombe ndi lonjezo la sukulu. Ana a m'nyumba akamavala yunifolomu, iye ali pa mzere wa madzi ku kiyosiki. Ana akamadya pa tebulo, iye akudikira mkute kuseri. Amagona pakhitchini pafupi ndi mbaula, ndipo dzina lake lenileni anthu analiiwala, amangoti mtsikana uja. Pakati pa boyi wa mu 1930 ndi mtsikana uja wa lero, kusiyana kwake n'kotani? Pulayimale ndi yaulere chiyambire 1994. Mayi amene akusunga mwana wa mnzake osamutumiza kusukulu alibe chonamizira.

Yakobo analemba ngati kuti anakhalapo m'matchalitchi athu. Akufotokoza za anthu awiri olowa mu msonkhano, wina wa mphete yagolide ndi zovala zonyezimira, wina wa nsanza. Woyambayo amulozera mpando wabwino, winayo amuuza kuti aime kumbuyo kapena akhale pansi. Yakobo sakutcha zimenezi ulemu kapena mwambo. Akuti ndi tchimo, ndipo wochita zotere wagwidwa ndi lamulo lomwe lija lakuti tikonde anzathu monga tidzikondera ife eni. Tiganizire za pa maliro. Pakamwalira munthu wa galimoto, kwaya zimachita kulimbirana, mapoto amachuluka, amayi amagona pasiwa masiku onse. Pakamwalira mayi wogulitsa makala wa kumtunda kwa phiri, amene sankatha kulipira zopereka za mwezi ndi mwezi, pamayamba kufufuzidwa m'kaundula ngati anali wokhulupirika. Tiganizirenso za chisankho cha atsogoleri, pamene manong'onong'o amayamba akuti uyu ndi Mlomwe, uyu ndi wa ku Likoma, uyu ndi Msena, uyu ndi wobwera. Ndipo mwana akabwera ndi chibwenzi, funso loyamba limakhala lakuti kwawo n'kuti, lakuti amapemphera kapena ayi limabwera pambuyo.

Chonsecho Lamulungu lililonse timagwada pa guwa limodzi. Wansembe sasintha chikho akafika pa wantchito. Chimene amwera dona ndi chomwecho chimene amwera mtsikana wake, wina pambuyo pa mnzake, ndipo palibe amene amafunsa kuti wamwera poyamba ndani. Pa 1 Akorinto 11 Paulo anakalipira mpingo umene olemera ankadya n'kukhuta osauka akuyang'ana, ndipo anawauza kuti chimene akudyacho sichingatchedwe Mgonero wa Ambuye. Mayi amene wamwera chikho chimodzi ndi wantchito wake 9 koloko m'mawa, n'kukamupatulira kapu 1 koloko masana, ayenera kudzifunsa kuti wanama pati, ku tchalitchi kapena kunyumba.

Kwa inu amayi amene mumalandira chipongwechi kuntchito, sitikunena kuti mawa mukasiye ntchito, pakuti ana ayenera kudya. Sitikunenanso kuti muzingopirira poti mphotho ili kumwamba, chifukwa mawu amenewo ndi omwe ankauzidwa agogo athu pa thangata. Musalole kuti kapu ija ikuphunzitseni kuti ndinu munthu wochepa. Kambiranani ndi anzanu, dziwani malipiro amene boma linakhazikitsa, ndipo zikafika poipa ofesi ya zantchito ilipo. Amayi anzanu a mumpingo akuperekezeni kumeneko, monga mmene amakuperekezerani kuchipatala.

Mpingo woyamba nawo unagwa m'vuto lomweli, ndipo linayambira pa amayi. Pa Machitidwe 6 tikumva kuti pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku, amasiye olankhula Chigiriki ankadumphidwa, pamene amasiye olankhula Chihebri ankalandira. Atumwi sanauze odandaulawo kuti akugawanitsa mpingo, sanawauzenso kuti akapemphere kaye. Anaitanitsa msonkhano, ndipo mpingo unasankha anthu 7 oyang'anira magawidwewo: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora, Timoni, Parmena ndi Nikolao. Mayina onsewa ndi a Chigiriki, ndipo womalizayo sanali Myuda wobadwa, anali wa ku Antiokeya. Chipande anachipereka m'manja mwa mbali imene inkadandaula.

Nthawi ya njala kapena ya mvula yoononga ikafika, thandizo la ufa, mabulangete ndi ndowa limadzera m'manja mwathu, ndipo pamakhala wina wogwira kope la mayina. Pa msonkhano wa Lachinayi likudzali, nthambi iliyonse itsegule kope limenelo. Tione kuti mwa amene amalemba mayina, ndi angati amene amakhala kumtunda kwa phiri, ndi angati amene amagwira ntchito m'nyumba za anthu, ndi angati amasiye. Ngati mulibe, tisankhepo awiri tsiku lomwelo, ndipo mmodzi wa iwo asunge kopelo.